Nzimbe za pa chilumba cha Mauritius: zinayamba bwanji, nanga lero zili pati?

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa inu odziwa za nzimbe. Mauritius ndi kachilumba kakang'ono ka m'nyanja ya India, makilomita 65 okha m'litali ndi 45 m'lifupi, koma kwa zaka zambiri kankatulutsa shuga wochuluka kuposa Nchalo ndi Dwangwa titaziphatikiza. Zinatheka bwanji? Nanga zikumvekazi, zoti alimi kumeneko akusiya minda, vuto n'chiyani?

Chisale: Mayi Nabanda, nzimbe pachilumbapo n'zobwera. Anazibweretsa Adatchi mu 1639 kuchokera ku Java, chaka chimodzi atangokhazikika. Iwo sankalimbana kwenikweni ndi shuga, ankatcheza kachasu wotchedwa arrack. Makoswe, anamondwe ndi chilala zinawatopetsa moti mu 1710 anachokapo. Afalansa analanda chilumbachi mu 1715, ndipo bwanamkubwa Mahé de La Bourdonnais, amene anafika mu 1735, ndiye anamangitsa fakitale yoyamba yeniyeni ku Villebague m'zaka za m'ma 1740. Komabe nthawi ya Afalansa yonseyo nzimbe inali mbewu imodzi mwa zambiri. Ankalimanso thonje, khofi, chinangwa ndi zokometsera ndiwo, ndipo ndalama yeniyeni inkachokera kudoko la Port Louis.

Chinasintha zonse ndi msonkho. Angerezi anatenga chilumbachi mu 1810, kenaka mu 1825 anatsitsa msonkho wa shuga wa ku Mauritius wolowa ku Britain kuti ufanane ndi wa shuga wochokera ku West Indies. Aliyense wa malo anazula zina zonse n'kubzala nzimbe. Nkhalango zinagwetsedwa, mbali ina pofuna minda, mbali ina pofuna nkhuni zophikira madzi a nzimbe. Pofika cha m'ma 1858 pachilumbapo panali mafakitale oposa 250. Mpaka lero ukamayenda m'minda umaona machumuni amiyala ataima okhaokha pakati pa nzimbe, pamene panali timafakitale timeneto.

Naphiri: A Chisale, mwalumpha anthu amene ankagwira khasu. Minda yoyamba ija inalimidwa ndi akapolo, ambiri ochokera ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique. Onse odzera ku Mozambique ankangowatchula kuti Mozambique, koma m'kati mwawo munali Amakua, Ayao, Asena ndi ena olembedwa kuti Maravi, ndiye kuti nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno kunyanja. Othawa ankabisala kuphiri la Le Morne, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a mbiri mu 2008.

Ukapolo unathetsedwa pa 1 February 1835, koma eni minda anali atapeza kale njira ina. Pa 2 November 1834 sitima ya Atlas inatsitsa anthu 36 ochokera ku India pa kontrakiti ya zaka zisanu. Iwowo anali oyamba chabe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu pafupifupi theka la miliyoni anali atabwera mwa njira imeneyi, ambiri kudzera pa malo a padoko otchedwa Aapravasi Ghat. Kontrakitiyo inali yowawa: ukajomba tsiku limodzi ankakudula malipiro a masiku awiri. N'chifukwa chake lero anthu ambiri a ku Mauritius makolo awo ndi a ku India. Nzimbe ndizo zinasonkhanitsa mtundu wonsewo.

Chisale: Zoona mayi, ndipo apo pakutuluka yankho la theka lina la funso lija. Kuyambira m'ma 1870 mitengo ya shuga itagwa chifukwa cha shuga wa ku Ulaya wopangidwa kuchokera ku mizu ya mbewu ya bitiruti, eni minda ikuluikulu anayamba kudula malo a m'mphepete, amiyala ndi otsetsereka, n'kumagulitsa kwa antchito amene anamaliza kontrakiti. Alimi ang'onoang'ono anabadwa choncho. Dziwani kuti sanagule nthaka yabwino. Anagula imene bwana sankaifuna, ndipo zidzukulu zawo n'zimene zikusiya minda lero.

Gondwe: Ndilowepo pa za nthakayo, chifukwa amene anazolowera dambo la Shire sangaiganizire. Chilumbachi chinapangidwa ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika, ndiye m'minda yambiri muli miyala yakuda yolemera, ina yoti anthu khumi sangaisunthe. Kale ankaitola pamanja n'kuiunjika m'mizere pakati pa nzimbe kapena milu ikuluikulu pakati pa munda. Milu imeneyo imadya malo olima, komanso thirakitala siingadutse. Masiku ano amachotsa ndi makatapila, kenaka n'kudutsanso ndi makina otola miyala ing'onoing'ono, chifukwa mwala umodzi wokha ukalowa m'makina odulira nzimbe mipeni yonse yatha. Ntchito imeneyi ndi yodula kwambiri, mlimi wa theka la hekitala sangaikwanitse payekha.

Mvula nayo ndi yosiyana modabwitsa pa mtunda waufupi. Kugombe la kumadzulo imagwa yosakwana mamilimita 1,000 pachaka, ndiye popanda mthirira palibe nzimbe. Kumtunda pakati pa chilumba imapitirira 4,000, moti nthaka inasukuluka, ndi ya asidi, dzuwa n'lochepa, ndipo nzimbe imakula koma shuga wake ndi wochepa. Kumeneko akatswiri anayesapo kuthira fumbi la miyala yomweyo yogayidwa, zokolola n'kukwera. Mbewu imodzi siingachite bwino konsekonse, n'chifukwa chake bungwe lofufuza la MSIRI, limene linakhazikitsidwa mu 1953 ku Réduit, limatulutsa mitundu molingana ndi dera. Mukaona dzina ngati M 1176/77, M akuimira Mauritius, ndipo 77 ndi chaka chimene anakwatitsa makolo a mbewuyo. Kuchoka pokwatitsa kufika poipereka kwa alimi pamatenga zaka zoposa khumi. Amalimanso R 570 ndi R 579 zochokera kwa anansi awo a ku Réunion.

Nabanda: Bambo Gondwe, kabzalidwe kake n'kosiyana ndi ka kuno?

Gondwe: Maziko ndi omwewo. Mbewu ichokere ku nazale, ikhale nzimbe yanthete ya miyezi 8 mpaka 10, osati yokhwima yopita kufakitale, chifukwa maso a yokhwima amachedwa kuphukira. Amaidula zidutswa za maso atatu, n'kuziviika m'mankhwala oteteza kuwola kwa pa bala, kenaka n'kuzigoneka m'ngalande zotalikirana pafupifupi mita imodzi ndi theka. Pa hekitala pamalowa matani 8 mpaka 10 a mbewu. Dothi lokwirira lisapitirire masentimita 5 mpaka 8. Mukakwirira kwambiri m'nyengo yozizira, diso limawolera pansi. Feteleza wa fosifeti amapita pansi pa ngalande pobzala chifukwa sayenda m'nthaka, pomwe wa nayitrojeni, makilogalamu pafupifupi 100 mpaka 140 pa hekitala, amathiridwa nzimbe ikadali yaing'ono. Ukachedwa naye nzimbe imangobiriwira mpaka nthawi yodula, madzi ake n'kukhala osatsekemera.

Yobzala kumene imatenga miyezi 12 mpaka 18 malinga ndi nyengo imene yabzalidwa. Ikadulidwa, zitsa zimaphukiranso ndipo mumadula chaka ndi chaka, kasanu ndi kawiri kapena kuposa, musanazule. Phindu lenileni lili pa zophukirazi chifukwa simugulanso mbewu kapena kulima. Zimene zimazipha msanga ndi zitatu: matayala a mathirakitala oponda pa mzere nthaka ili yonyowa, udzu m'miyezi itatu yoyamba masamba asanatseke, ndi kudula mokweza. Chikwanje chidule pansi penipeni. Kumunsi n'kumene kuli shuga wambiri, komanso chitsa chachitali chimaphukira pa maso a pamwamba amene sakhala ndi mizu yolimba.

Mbewe: Ndiwonjezere za kumutu kwa phesi. Nsonga idulidwe pamene imathyoka yokha ukaipinda. Ena amasiya nsonga yaitali kuti sikelo ilemere, koma akudzinamiza. Ku Mauritius mlimi salipidwa pa kulemera kokha. Lole ikafika amalowetsa chitsulo chobowola m'katundumo n'kutenga pang'ono kukayeza shuga. Nsonga, masamba ndi dothi zimatsitsa chiwerengerocho, ndipo masamba ouma amamwa madzi otsekemera n'kutuluka nawo m'zofinyira.

Chinanso ndi nthawi. Nzimbe ikadulidwa ifinyidwe pasanathe maola 24 mpaka 48. Ikagona, tizilombo tolowera pa bala timasandutsa shuga kukhala zinthu zonanda zotchedwa dextran. Madzi amalemera, sakhazikika bwino, ndipo timiyala ta shuga timatuluka tosongoka m'malo mwa tamakona. Yootcha ndi yodulidwa tizidutswa ndi makina ndiyo imawonongeka msanga. Nyengo yodula kumeneko ndi June mpaka December, pamene kwazizira ndi kuuma. Kuzizirako n'kumene kumaimitsa kukula, nzimbe n'kuyamba kusunga shuga m'phesi. A mthirira amatseka madzi masabata angapo asanadule pa chifukwa chomwecho.

Nangozo: Pa zootchazo ndiye pali phunziro. Ku Mauritius anachepetsa kwambiri kuotcha, minda yambiri imadulidwa yaiwisi, masamba n'kusiyidwa pansi. Amasunga chinyontho, amapondereza udzu, n'kuwolerana kukhala manyowa. Kuno tikuotchabe chaka ndi chaka, phulusa n'kumagwera pa zovala za anthu m'midzi yozungulira.

Gondwe: Mayi Nangozo, musaweruze msanga. Wodula pamanja m'munda wosaotcha amadula zochepa kwambiri pa tsiku, masamba amacheka, ndipo kuno muli njoka zaululu zimene m'minda ya ku Mauritius mulibe. Komanso kumene amathirira m'mizere monga minda ina ya kuno, masamba amatseka njira ya madzi. Ngakhale kwawoko, kumtunda kozizira ndi konyowa chiphimbo chokhuthala chimachedwetsa kuphukira, ndiye amachikokera m'mizere yolumphalumpha. Si kuti kuotcha n'kwabwino, koma kuleka kwake kumafuna makina kapena kukweza malipiro pa tani.

Mbewe: Tibwerere kufakitale, chifukwa luso la anthu amenewa lili pa zimene amatulutsa m'phesi limodzi. Nzimbe imadutsa m'mipeni ndi m'chophwanyira mpaka ikhale ulusi, kenaka m'zofinyira zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Chisanafike chomaliza amawaza madzi otentha kuti atsukuluze shuga wotsalira. Madzi a nzimbewo amatenthetsedwa kupitirira pang'ono madigiri 100, n'kuthiramo laimu kuti asidi athe. Laimu akachepa shuga amasweka, akachuluka madzi amada ndipo mapaipi amachita nkhanambo. Matope amakhazikika pansi, madzi oyera n'kupita m'mathanki owiritsira otsatizana, nthunzi ya loyamba n'kumawiritsa lachiwiri, mpaka atakhala manyuchi amene magawo 60 mpaka 65 pa 100 ndi shuga ndi zina zosungunukamo. Kuphika komaliza kumachitikira m'miphika yochotsedwa mpweya kuti ziwire pa kutentha kochepa, shuga asapserere. Amathiramo ufa wa shuga wosalala kwambiri ngati mbewu, timiyala n'kumakulira pamenepo, ndipo makina ozungulira mwaliwiro amalekanitsa shuga ndi madzi ake. Madziwo amaphikidwanso kachiwiri ndi kachitatu. Otsala pamapeto ndiye molasesi.

Pa tani imodzi ya nzimbe yembekezani shuga wa makilogalamu pafupifupi 100 mpaka 110, zotsalira zofinyidwa zija, zimene m'fakitale timati bagasi, pafupifupi 300 ndipo theka lake ndi madzi, molasesi 30 mpaka 40, ndi matope osefedwa ochuluka chimodzimodzi. Matopewo amabwerera kumunda pobzala chifukwa ali ndi fosifeti. Tani ya molasesi imatulutsa malita pafupifupi 250 a ethanol, monga amachitira a Ethco ku Dwangwa kuyambira 1982 ndi a PressCane ku Chikwawa. Madzi akuda otsala potcheza amawaumitsa pang'ono n'kukathira m'munda m'malo mwa feteleza wa potashi. Akangotayidwa mumtsinje nsomba zimafa, chifukwa amamaliza mpweya wa m'madzi. Palinso mowa wa ramu, wina wa molasesi, wina wotchezedwa kuchokera ku madzi a nzimbe enieni monga wa ku Chamarel ndi St Aubin.

Phiri wa magetsi: A Mbewe, bagasi musamudutse choncho. Fakitale iliyonse ya shuga padziko imaotcha bagasi kuti ipeze nthunzi, koma zakale zinkamuotcha mongofuna kuti achoke pakhomo. Ku Mauritius, poti alibe mafuta kapena malasha awoawo, anaona kuti akutaya chuma. Chinsinsi chili pa mphamvu ya nthunzi. Boilala yakale ya mabaa 20 (baa ndi muyeso wa mphamvuyo) imangokwanira fakitale yokha. Ya ku Belle Vue, imene inayamba mu 2000 ndi mamegawati 70, imagwira pa mabaa oposa 80, ndipo yotere imatha kugulitsa mayunitsi oposa 100 pa tani iliyonse ya nzimbe. Kuti zitheke, fakitale iyenera kudya nthunzi yochepa, zofinyira ziyende ndi mamota a magetsi, ndipo bagasi atuluke wosanyowa kupitirira theka. Akanyowa kwambiri moto umatha mphamvu poumitsa madziwo. Ku La Baraque kuli ina ya mamegawati 90. Kwa zaka zambiri bagasi ankapereka magawo oposa 10 pa 100 a magetsi a chilumba chonse.

Nangozo: Koma nenaninso kuti nyengo yodula ikatha maboilala omwewo amaotcha malasha ogula ku South Africa kwa theka la chaka. Ndipo alimi akhala akudandaula kwa nthawi yaitali kuti ndalama ya magetsi imathera kwa eni mafakitale pomwe ulusiwo unamera m'munda mwawo.

Phiri wa magetsi: Sindikukana mayi. Makina a ndalama zambiri chonchi sangakhale chigonere miyezi isanu ndi umodzi, ndiye malasha analowera pamenepo. Panopa akuyesa kumanga mabelo a masamba ouma a nzimbe n'kumawasakaniza, koma mukachotsa onse mwalanda chiphimbo chimene mumachiyamikira chija, ndipo masambawo amabwera ndi dothi lowononga boilala.

Chisale: Tsopano za kugwa kwake. Chimene chinalemeretsa chilumbachi si nthaka, zokolola zawo ndi matani 65 mpaka 75 pa hekitala pomwe Nchalo ndi Dwangwa ndi mthirira amafika cha m'ma 100. Chinali msika wotsimikizika. Kuyambira 1951 panali pangano la shuga la Commonwealth, kenaka mu 1975 pangano la Lomé ndi mayiko a ku Ulaya. Mauritius inapatsidwa gawo lalikulu kuposa dziko lina lililonse, matani pafupifupi 500,000 pachaka, pa mtengo woposa wa msika wa dziko lonse, zaka zina kawiri kapena katatu. Malawi inali m'pangano lomwelo koma ndi matani pafupifupi 20,000 okha. Shuga yense wa pachilumbapo amagulitsidwa ndi bungwe limodzi, Mauritius Sugar Syndicate, ndipo ndalama ya nthawi imeneyo ndi imene inathandiza kumanga mafakitale a zovala ndi mahotela.

Pakati pa 2006 ndi 2009 a ku Ulaya anadula mtengowo ndi magawo 36 pa 100, panganolo n'kutha mu 2009, ndipo mu 2017 anamasula alimi awo a bitiruti kuti alime mmene angafunire. Chaka chabwino koposa chinali 1973, matani oposa 700,000. Zaka zaposachedwapa akuzungulira pansi pa 250,000. Mafakitale anali 19 kumayambiriro kwa m'ma 1990, atsala atatu: Terra kumpoto, Alteo kum'mawa ndi Omnicane kummwera. Ya Médine inatsekedwa mu 2019. Antchito masauzande anapumitsidwa kuyambira 2001, aliyense n'kupatsidwa ndalama ndi kapuloti komangapo nyumba.

Pali ulalo wina ndi kuno. Lonrho, imene inayambitsa Nchalo ndi Dwangwa, inalinso ndi minda ku Mauritius. Illovo itagula gawo la shuga la Lonrho mu 1997 inatenga zonse, kenaka mu 2001 inagulitsa za ku Mauritius kwa eni dziko, ndipo Omnicane inachokera pamenepo. Makampani a ku Mauritius ndiwonso anadzutsa fakitale ya Marromeu m'mphepete mwa Zambezi nkhondo ya ku Mozambique itatha.

Naphiri: Ndiye mlimi wamng'ono ali pati pamenepa? Lamulo limamupatsa magawo 78 pa 100 a shuga wa m'nzimbe zake, fakitale n'kutenga 22, zomwe pa pepala zikuoneka zabwino. Koma 78 pa mtengo wogwa ndi yochepabe. Odula nzimbe akalamba, achinyamata ali kumahotela ndi m'maofesi, ndipo makina odulira salowa m'kamunda kamiyala kotsetsereka. Boma linayesa kuphatikiza minda ya alimi oyandikana, kuchotsa miyala, kusalaza ndi kubzala ngati munda umodzi, zofanana pang'ono ndi mmene Phata ndi Kasinthula zimayendera ku Chikwawa. Pena zinathandiza, koma wa malo oyandikira tauni akawerengera amaona kuti kugulitsa mapuloti kukuposa nzimbe za zaka makumi awiri. Fakitale nayo ikasowa nzimbe mtengo wofinyira tani iliyonse umakwera, ndipo bagasi wa magetsi uja amachepa.

Mbewe: Chimene chikuwasungabe ndi choti analeka kugulitsa shuga wamba wosayeretsa. Kuyambira 2009 wina amamuyeretseratu pachilumba pomwepo. Winayo ndi shuga wapadera, demerara wa timiyala tikuluikulu tagolide, muscovado wakuda wonata, ndi mitundu ina yoposa khumi, amene anayamba kumupanga kumapeto kwa m'ma 1970. Ameneyu si shuga woyera wopakidwa molasesi ayi, mtundu ndi fungo zimachokera m'kaphikidwe, ndipo ogula amalipira mowonjezera. Amavuta kusunga: chinyontho chikasintha amaundana n'kukhala chibuma m'thumba. Fakitale yakale ya Beau Plan anaisandutsa nyumba yoonetsera mbiri ya shuga, alendo amalipira kukaona makina ndi kulawa mitunduyi.

Nabanda: Palibe amene wanena za anamondwe, pomwe chilumbachi chili panjira pawo.

Gondwe: Amabwera pakati pa November ndi April, nthawi yomwe nzimbe ikukula. Mphepo imang'amba masamba, kuthyola mapesi ndi kugwetsa munda wonse. Yogwa imaphukira m'mbali, shuga n'kuthera ku mphukirazo, makoswe n'kuipeza pafupi. Namondwe Carol wa mu 1960 anadula zokolola ndi theka n'kupitirira, ndipo chilala cha 1999 chinachitanso zoopsa. Pambuyo pa anamondwe a 1945 anakhazikitsa thumba la inshuwalansi la nzimbe mu 1946, lokakamiza mlimi aliyense ndi fakitale iliyonse. Ndalama imadulidwa pa malipiro a shuga, ndipo chipukuta misozi chimawerengedwa poyerekeza ndi zokolola za mundawo m'zaka zabwino zam'mbuyo. Ndiye amene salemba bwino zokolola zake amadzilanda yekha.

Pa tizilombo ali ndi mbiri yosakanikira. Mu 1762 anabweretsa mbalame za mynah kuchokera ku India kuti zidye dzombe, ndipo zinathandiza. Koma nyenga zimene anabweretsa kuti zigwire makoswe zinakonda mazira a mbalame za m'nkhalango, paja khoswe amayenda usiku pomwe nyenga imasaka masana. Kapuchi wa nzimbe wamawangamawanga, wochokera ku Java, amalimbana naye ndi timavu tomuikira mazira, osati kupopera, chifukwa akalowa m'phesi mankhwala samupeza. Kapuchi yemweyu anapezeka ku Mafambisse ku Mozambique mu 1999, ndiye aliyense wodutsa ndi mbewu ya nzimbe pa malire mosayezetsa akuika minda ya kuno pachiswe.

Nangozo: Bambo Gondwe, ndamva kuti kumeneko amabzala mbatatesi pakati pa mizere ya nzimbe. Kwa alimi a Dwangwa amene amadikira chaka chathunthu ndalama isanabwere, sizingathandize?

Gondwe: Amabzaladi, mbatatesi, nyemba, mtedza, ngakhale chimanga, chifukwa malo a chakudya pachilumbapo ndi ochepa. Koma zimayenda bwino makamaka m'nzimbe zobzala kumene, ndipo mbewuyo ilowe m'masiku oyambirira n'kukololedwa pasanathe miyezi itatu kapena inayi, masamba a nzimbe asanakumane pamwamba. M'zophukira sizigwira bwino chifukwa mizu ilipo kale ndipo imathamanga. Mbewu yachiwiriyo ipatsidwe feteleza wakewake, apo ayi ilanda wa nzimbe. Chimanga ndicho chimapondereza kwambiri chifukwa cha mthunzi, nzimbe imabereka ana ochepa. Ku Dwangwa mbatatesi ingavute ndi kutentha pokhapokha m'miyezi yozizira, ndiye nyemba kapena soya n'zimene zingayenere. Vuto lalikulu ndi mankhwala a udzu: amene amapoperedwa nzimbe zikangobzalidwa, monga atrazine ndi diuron, amapha nyemba, ndiye mzere umenewo mupalira ndi khasu. Ndipo yambani mwafunsa a sikimu yanu, chifukwa ndondomeko ya madzi ndi ya kupopera imakhala ya buloko yonse, osati ya munda wa munthu mmodzi.